Laimu pa Thanthwe la Makolo

Loweruka lapitali ndinaona munthu wamkulu akulira chifukwa cha mwala.

Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikuphunzira kukongoletsa makoma kwa bambo Mwanza, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Nyimba. Ambiri mwa ophunzira anzanga ndi azimayi ofuna ganyu m'malo ogona alendo a m'mbali mwa msewu waukulu. Penti wa m'sitolo sitimukhudza. Timasungunula katondo, kuviika chala, n'kumatsanzira mizere ndi madontho ofiira amene anthu akale anasiya pathanthwe lina kuphiri, kupitirira Kacholola.

Chojambula chachikulu, mikombero yolowana ngati anyezi wodula pakati, bambowa ankakana kutiphunzitsa. Ankati sanachigwire bwino m'mutu, ndipo chithunzi chake chinapita ndi foni imene anawabera. "Tiyeni mukacione mweka pa mwala," anatero.

Tinakwera minibasi, kwinako wapansi. Tinafika thukuta lili kamukamu.

Thanthwe lonse linali mbee! Laimu. Pamwamba pake panali vesi ya m'Baibulo yolembedwa ndi makala, pansi phulusa la anthu obwera kudzapemphera kuphiri.

Bambo Mwanza anayesa kupala ndi chikhadabo. Laimu anachoka, koma anachokera limodzi ndi kufiira kwake. Anangokhala pansi, misozi ili mbwembwembwe.

Amayi Lungu, wophunzira mnzanga, anagwada.

"Bambo, ni ise tinapaka. Tinabwela na gulu lathu la mapemphelo chaka chatha. Anatiuza ati ni vizindikilo va mizimu yoipa. Sin'nadziwe kuti ni vamene mutiphunzitsa."



Mayiwa sindikuwada, koma mkwiyo ndili nawo, ndipo sindikubisa. Kodi ife tinadwala matenda anji? Chakale chilichonse chimene sitikuchimvetsa timathamangira kuchitcha ufiti. Ndani m'gulu lija anafunsa kuti madonthowa anaika ndani, ankatanthauzanji? Phiri ndi lalikulu, miyala yopanda kanthu ili mbwee. Mulungu sakanamva pemphero pamwala wina?

Koma mlendo akangoima n'kuchiyamikira chinthu chomwecho, pompo timavala chitenje n'kumati ndi chikhalidwe chathu. Paja chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Zojambula zija zinapirira mvula, dzuwa ndi moto wolusa kwa mibadwo yosawerengeka. Chidebe chimodzi cha laimu ndi anthu a mtima wabwino ndiwo anazimaliza.

Lolemba bambo Mwanza anabwera kudzaphunzitsa, maso ali psuu. Wina atawapempha kuti angojambula chachikulu chija mmene akuchikumbukira, anapukusa mutu. "Ningakunamizeni cabe," anatero. Ndiye kuti chapita, ndipo palibe amene adzachiphunzirenso.

Amayi Lungu ganyu aipeza kale pamalo ena ogona alendo ku Petauke, ndipo dzanja lawo ndi labwino kuposa langa. Tsiku lina mlendo adzaima pakhoma lawo n'kufunsa kuti zenizeni zake akazione kuti. Kodi adzamulozera kuti?