Kukasaka Phiko ku Dube

"Kodi chikwanje chimenecho mukukapha nacho ndani m'mawa uno?"

Anandifunsa choncho ndi amake Joyisi, aneba athu a ku Ntcheu, atandiona ndikutuluka pa geti Lachinayi lija. Mwana wanga Amina anali kumbuyo, pamutu nditasenza chinthu chachitali chokulunga m'chitenje. Ndinawauza kuti si chikwanje, ndi phiko la fani, ndipo ndikupita nalo ku Soweto kukalisakira linzake. Anaseka mpaka kugwira mpanda, amvekere matenda a amuna anga andipatsira.

Matendawo ndiwafotokoze kaye. Chinali chaka cha 1989. Abambo a Amina ankagwira ntchito pa shopu yokonza zamagetsi ku Mayfair mumzinda wa Joni, ndipo tinkakhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya abwana awo. Mtima wawo wonse unali pa mafani akale a m'denga, aja ankazungulira m'mahotela ndi m'masitolo a m'tauni ife tisanabadwe. Koma osati fani iliyonse. Ankafuna a kampani imodzi yokha, amene pamimba pake pali kambale kamkuwa kojambulidwa mbalame ya namzeze. Dzina la kampaniyo linkandipinda lilime, ndiye tinkangoti a namzeze. Akamva kuti kwinakwake akugwetsa nyumba yakale, ankathamangirako. Lamlungu ankawandandalika pabedi n'kumawayerekeza: iyi imalira motsitsa, iyi ili ndi kabowo kothirira oyilo, iyi ndi yakale kuposa onse. Ine ntchito yanga inali kuwapukuta ndi palafini, ndipo popukutapo ndinayamba kuwadziwa.

Anayi mwa mafaniwo anawalonjeza ku mzikiti wa kwathu ku Mangochi, komwe anali atangokoka magetsi. Atatu a mbali ya abambo, yachinayi ya kuseri kwa khoma kumene amapemphera azimayi. Mayi anga amapemphera kumeneko, ndipo mwezi wa Okutobala m'chipindamo mumakhala ngati mu uvuni. Atatu aja anali okonzeka. Yachinayi inali ndi mapiko awiri m'malo mwa atatu. Kawiri konse abambo a Amina anagula lachitatu poyang'ana ndi maso, koma akaiyatsa inkavina ngati ikufuna kuchoka ndi denga lomwe. Lole yotengera katundu kumudzi inkanyamuka Loweruka m'mawa. Ine anthu akwathu ndimawadziwa. Kukafika mafani atatu, palibe amene angaimirire n'kunena kuti imodzi ipite kwa azimayi.

Tinamva kuti ku Dube, dera lina la ku Soweto, kuli mdala wina wa ku Dedza, a Kamwendo, amene anagwira ntchito m'hotela zaka zambiri ndipo anasunga mulu wa mapiko a namzeze. Amuna anga sakanatha kuchoka kuntchito. Ndinati ndipita ndine. Ndinasiya zochapa za kwa mayi wina amene ndinkamuchapira Lachinayi lililonse, ndinatenga phiko limodzi mwa awiri aja kuti likhale chitsanzo, ndipo m'chikwama ndinaikamo matewera, hang'ala yathabwa ndi zingwe ziwiri zofanana kutalika. Abambo a Amina anafunsa za hang'alayo. Ndinati mudzamva madzulo.

Sitima ndinakwerera pa siteshoni ya Mayfair cha m'ma 8 koloko, tikiti ya kalasi yachitatu, yopita ndi kubwerera, yosakwana marandi atatu. Amene mukufuna kupita ku Soweto ndi katundu wautali, nthawi yake ndi imeneyi. Anthu onse amakhala akubwera m'tauni, ena atalendewera pazitseko, pamene sitima yotuluka imapita ndi mipando yokhayokha. Ndinagoneka phiko pampando wakewake ngati nalonso lalipira.

Titadutsa Langlaagte anayamba kuoneka mapiri achikasu a dothi la m'migodi. Pa New Canada anakwera mayi wogulitsa maapozi, wonenepa bwino, amene anafuna kukhalira phiko langa pomwe mipando ina inali mbwee. Ndinalikoka msanga. Anandifunsa m'Chizulu kuti ndi chiyani, ine ndi Chizulu changa cha pamsika ndinaloza kudenga n'kuzunguza chala. Anayang'ana kudenga kwa sitima, anayang'ana ine, kenako anapatsa Amina apozi mwachifundo, monga amachitira ndi mwana wa mayi wodwala mutu. Amina analibe dzino ndi limodzi lomwe. Apoziyo ndinadya ine.

Ndinatsika pa Dube 9 koloko itangokwana. Nyumba za kumeneko n'zofanana ngati anaziumba m'chikombole chimodzi, ndipo manambala ake amalumpha mosatsatana. Ndinagula magwinya awiri pa ngodya, amene ndi mandasi omwewa koma akuluakulu, n'kufunsa mayi wokazingayo za mdala wa ku Nyasa wa mafani. Sanaganize n'komwe. Anati ndiyende mpaka ndione nyumba imene kuseri kwake kuli tchalitchi chopanda mtanda.

Ndinachionadi patali. A Kamwendo anamanga chishedi cha malata chachitali kuposa nyumba yawo, chifukwa nyumba za ku Soweto n'zazifupi, ukamangamo fani ya m'hotela ikhoza kukumeta. Ndinawapeza akupaka mota oyilo, mdala wamfupi wa magalasi omanga ndi waya. Nditawapatsa moni m'Chichewa anasiya zonse. Anandifunsa za kwathu, za mvula, ngati basi ya ku Dedza imaimabe pamalo paja. Anachoka kumudzi nthawi ya migodi ndipo sanabwererenso. Akazi awo, MaNkosi, ananditengera Amina n'kundibweretsera tiyi wamkaka.

M'shedimo munalendewera mafani asanu ndi limodzi, onse a namzeze. Mdalayo anawayatsa imodziimodzi kuti ndimve kusiyana kwake. Iyi inachokera m'chipinda chodyera, iyi mu banki, iyi m'bala momwe utsi wa fodya unaisandutsa yachikasu. Anandiyesanso, kuti ndinene yakale kwambiri. Ndinaloza ya pakati, ya mota yaikulu ndi mzere wagolide m'mphepete mwa mapiko, chifukwa inkafanana ndi yathu yachinayi ija. Anagwedeza mutu, amvekere mwamuna wanu anakwatira bwino. Koma fani imeneyo sanaiyendetse nthawi yaitali. Phiko lake limodzi linali long'ambika, analisoka ndi kachitsulo, ndipo inkagwedera.

Mapiko osungira anali khumi ndi limodzi, atatsamira kukhoma. Anati ndisankhe lofanana ndi langa. Ndinatulutsa hang'ala ija, ndinaikoloweka pa msomali wa pamtanda wa denga, n'kumanga zingwe mbali zonse ziwiri. Mayi anga ankagawa mpunga chonchi, pa ndodo yolendewera, ndipo palibe amene ankadandaula. Phiko langa ndinamanga mbali imodzi, la a Kamwendo mbali inayo. Hang'ala inapendekera kwanga. Ndinasinthanitsa mbali kuti ndione ngati hang'alayo sikunama. Inapendekeranso kwanga.

Ndinayesa onse khumi ndi limodzi. Pamaso anali ofanana ndithu, kutalika kumodzi, mabowo a mabawuti malo amodzi, koma onse anali opepuka. Apo m'pamene ndinamvetsa chimene chinkavinitsa fani yathu. A Kamwendo anavula magalasi n'kunena kuti chaka china kampaniyo inayamba kugwiritsa chitsulo chopyapyala, koma iwo ankayesa kuti kusiyanako n'kosanunkha kanthu. Anandimvera chisoni kuti ndayenda ulendo wachabe.

Ndinakhala pansi n'kuyamwitsa Amina. Ine ndikamayamwitsa m'pamene mutu umagwira ntchito. Fani sifuna mapiko olemera, imafuna mapiko ofanana. Nditamaliza ndinaika langa pambali n'kuyamba kuyeza a mdalayo okhaokha, ili ndi ilo, ilo ndi linalo. Zinanditengera pafupifupi ola lathunthu, MaNkosi akundiyang'ana pakhomo ngati akuonera sing'anga. Pamapeto pake atatu anaima chilili pa hang'ala, uwasinthe bwanji. Ndinawasanjika pa phiko langa, mabowo n'kugwirizana.

Ndinafunsa mtengo wa atatuwo. A Kamwendo anakwera pa makwerero, anamasula phiko limodzi labwino pa fani yawo ya mzere wagolide, n'kulimanga pa hang'ala moyang'anizana ndi langa. Hang'ala inaima osapendeka.

"Mwana wanga, ndalama sindikuzifuna," anatero. "Phiko lanuli ndalisaka zaka zisanu ndi ziwiri. Tengani atatuwo, langa ndi ili."

"Agogo, si langa. Eni ake ali kuntchito."

"Ndiye kawafunseni, mubwere Lolemba."

"Lole ikunyamuka Loweruka."

Anangotambasula manja. Sanali munthu woipa, koma wodwala matenda omwe aja.

Ndinkadziwa chimene mapiko awiri a mzere wagolide anali kwa amuna anga. Fani imeneyo ndi imene anayamba kuipeza, anaitola pa mulu wa njerwa ali mnyamata wongofika kumene ku Joni, ndipo mzerewo anaupukuta okha ndi mswachi. Kupereka limodzi kunali kupha onse awiri, pakuti lotsalalo likanakhala lokha mpaka kalekale. Foni inalipo pa sitolo ya pafupi, koma ndinkadziwa yankho la munthu wofunsidwa pa foni abwana ali pambali: akanati bwererani nalo, tiganize. Kuganizako kukanapitirira Loweruka. Ndinakumbukira mayi anga akudzikupiza ndi nsonga ya mpango kuseri kwa khoma lija. Ndinati tengani.

A Kamwendo anawonjezera kuti hang'alanso ndiisiye, ayeze mafani ake ena. Imeneyo ndinapereka ndikuseka.

Ndinakwera sitima ya cha m'ma 2 koloko, isanayambe nthawi ya anthu oweruka. Mapiko atatu pamutu amalemera ndithu, ndipo pokwera masitepe a pa siteshoni mphepo inkandikankha ngati ngalawa. Mnyamata wina wa chipewa chopendeka anandifunsa ngati ndikupita kukamanga ndege. Ndinati eya, ndipo iye sadzakwera nawo. Penapake pakati pa Phefeni ndi Mayfair, Amina anavula kansapato kake kamodzi koluka, ndinazindikira tili pa geti.

Abambo a Amina anafika dzuwa lisanalowe. Ndinawapatsa madzi, kenako ndinafunyulula chitenje. Anawerenga mapiko, anawatembenuza, anasuzumira m'chitenjemo ngati muli thumba lina. Ndinawafotokozera zonse mwa ndondomeko yake, kuyambira hang'ala mpaka mawu a a Kamwendo, osabisa kuti anandiuza kuti ndikafunse kaye. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Ndiye mwasiya la golide?" Ndinati ndasiya. Anatenga sipanala n'kutuluka, ine pambuyo.

M'galaja ya abwana munali mtanda umene ankayeserapo mafani. Anamanga mapiko atatuwo. Amake Joyisi anabwera kudzaima pakhomo, akuti aone chikwanje chikugwira ntchito. Atayatsa, fani inayamba pang'onopang'ono monga amachitira a namzeze, kenako inathamanga. Ndodo yake inaima ngati yakhomedwa. Anaikweza mpaka nambala yomaliza, mapepala a pansi anauluka, Amina anatseka maso n'kuseka, koma fani osagwedera ngakhale pang'ono. Amuna anga anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga choko n'kulemba pa bokosi lake ndi zilembo zazikulu: MBALI YA AZIMAYI. Anafunsanso ngati m'nyumba mwatsala hang'ala ina yathabwa.

Loweruka mabokosi anayi anakwera lole. Patapita miyezi iwiri kalata inabwera, mayi anga atalembetsa kwa mchimwene wanga, yonena kuti azimayi tsopano sathamangiranso kutuluka mapemphero akatha, mpaka abambo akudandaula kuti chakudya chikuchedwa.

Chimene ndinaphunzira n'chochepa: maso amanama pa kulemera kwa chinthu, ndipo ulendo wa ku Soweto uyambe anthu akubwera, uthe anthu asanabwerere. Phiko la golide lotsala lija lili kuseri kwa chitseko mpaka lero. Amuna anga amalipukutabe Lamlungu, ndipo nkhani yake sitiikamba.

Zimene ndinataya pa ulendowu ndi izi: phiko limodzi la mzere wagolide lomwe silinali langa, hang'ala imodzi yathabwa, kansapato kamodzi ka Amina, ndi ntchito yochapa ya Lachinayi, pakuti mayi uja anapeza munthu wina tsiku lomwelo.