Petulo wa mlamu wanga

Chaka chimene ndinachotsedwa ntchito ya udalaivala, mtedza unabereka kwambiri kwathu. Ndinkagwira kwa mwini sitolo wina wa pa Katete, Msilamu wochokera ku Nyasalande, amene anali ndi malole awiri. Imodzi inkayenda msewu waukulu kukatenga katundu ku Fort Jameson, ndipo ankayendetsa ndi mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga. Ntchitoyo ndinamupezera ndine. Inayo inali yanga, yozungulira m'midzi ya ku Sinda kutolera matumba a mtedza.

Madzulo aliwonse bwana ankaviika ndodo yamizere m'thanki kuti aone petulo watsala. Lole ya mlamu inkapita kutali koma n'kubwera ndodo itanyowa bwino. Yanga inkayenda pafupi, n'kubwera ndi ludzu. Dalaivala aliyense amadziwa chifukwa chake. Pamsewu waukulu umaika giya yomaliza, phazi n'kukhala malo amodzi, injini imangomwa pang'onopang'ono. M'midzi umaima, umanyamuka ndi giya yoyamba katundu ali pamsana, usanapite patali waimanso. Ndiponso lole yanga inkalira ndi hendulo yopukusa kutsogolo, moti ukaima sunkazimitsa, inkangodya petulo uku anthu akukweza matumba.

Mlamu ankazidziwa zonsezi. Koma ntchito yanga ankaisirira, poti wa m'midzi amabwera ndi nkhuku, maungu ndi ulemu. Ndiye anakanong'oneza bwana kuti ndimapopa petulo ndi kapaipi n'kugulitsa. Tsiku limenelo bwana anandiitana pakhonde la sitolo, atelala ndi ogula onse akumva. Ndinayesa kufotokoza za kuimaima, mlamu n'kundidula mawu.

“Bwana, ndodo sinama,” anatero, maso ali pansi ngati munthu wopemphera.

Ndinabwerera kumudzi ndi dzina la wakuba. Amayi anasiya kupita kuchigayo masiku angapo chifukwa cha manyazi, ankangotuma mwana wa eni. Ine ndinapsa mtima, ndipo sindibisa, ndinkafuna kuti naye alawe.

Chimene mlamu sankadziwa n'chakuti petulo uja ndinkamusamala kale kuti asamathe msanga. Ndinali nditagwirizana ndi alimi kuti azisonkhanitsa matumba pamalo atatu okha: pamtengo wa kachere, pachitsime, ndi pamphambano ya ku Mkaika. Bwana atangopereka lole yanga kwa mlamu, ndinakwera njinga n'kuyendera midzi yonseyo. Sindinamunenere choipa ngakhale chimodzi. Ndinkangouza anthu kuti dalaivala watsopanoyu ndi mkamwini wathu, munthu wofatsa, safuna kuti akuluakulu azivutika kusenza matumba mpaka pakachere. Aliyense angoika ake pakhomo, adzawatenga yekha.

Mkamwini angadutse bwanji akulu a kwa mkazi wake atamukwezera dzanja? Ankaima pakhomo lililonse. Ankatsika, n'kuwomba m'manja, kufunsa za odwala, kumwa thobwa, injini ikungolira panja. Thumba limodzi apa, awiri apo. Ena ankamuimitsa kuti angomuona nkhope. Ine ndinkakhala pansi pa mango ndikusenda chinangwa, ndikumva lole ikubuula ndi giya yoyamba kuchokera kutsidya la dambo, ndipo chinangwacho chinkandikomera.

Sabata yachiwiri petulo anamuthera asanafike n'komwe pa Sinda. Lole inakokedwa ndi ng'ombe. Bwana anatuma munthu kudzandiitana, ndipo ndinapeza khonde lomwe lija ladzaza, atelala aimitsa makina. Ndodo inatuluka m'thanki youma gwa. Mlamu anali thukuta lokhalokha, akufotokoza za kuimaima, za giya yoyamba, za hendulo, mawu anga omwe aja osasintha ndi limodzi lomwe. Bwana anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati zimene akunenazo n'zoona.

Mlamu anandiyang'ana. Ndikanangoti inde, tonse awiri tikanayera, chifukwa choonadi chinali chimodzi. Ndinakumbukira amayi akutuma mwana wa eni kuchigayo.

“Ine za magalimoto ndinaiwala, bwana,” ndinatero. “Koma ndinamva kuti ndodo sinama.”

Anamuchotsa tsiku lomwelo. Ine sanandibwezere ntchito. Bwana anati banja lathu lonse ndi la manja aatali, n'kulemba munthu wa ku Petauke. Mlamu anapita kumigodi osabweranso, ndipo mlongo wanga analera yekha ana atatu. Mpaka anamwalira mlongo wangayo, akandipatsa madzi akumwa ankaika chikho pansi, osati m'manja mwanga.