Mphasa Yaifupi ya Mkamwini

Amuna anga anabwera ku Halale ndi zinthu ziwiri: chipewa chachikulu ndi nkhani za madamu. Akayamba kufotokoza momwe azungu a kumafamu amatsekera mitsinje, ndiwo zinkachita kuzizira m'mbale. Tinali titangokwatirana kumene, patapita zaka zochepa chithereni njala yaikulu ija, ndipo iwo anadzakhala pachikamwini kwathu, kumapiri a ku Dambe.

Kumunsi kwa mudzi wathu kamtsinje kankatuluka m'miyala n'kumwazikana m'dambo. Dzinja lililonse madzi ankasefukira, kusiya matope akuda bii m'madimba. Milamba inkakwera kudzaswana m'maudzu, ife n'kumaigwira ndi manja. Koma chimene amayi anga ankakondera dambolo chinali mlulu, wautali kuposa munthu, umene ankasokera mphasa zawo.

Tsono mkamwini wofuna kuoneka wakhama ndi woopsa, ndikukuuzani. Mvula itangosiya, amuna anga anaunjika miyala kumtunda kwa dambo, namata ndi dothi, nakumba ngalande yopatutsira madzi kumunda wa tirigu ndi mbatatesi. Munda unabiriwira, inde. Anthu ochokera ku Chifunga ankaima panjira kuuyang'ana, bambowo n'kumayenda chipewa chili pambali ngati tambala.

Dambo ndiye linayamba kuuma. Achule anakhala chete, nkhanu zinasowa, nthaka inang'ambika. Mlulu unaphukanso, koma unangofika m'mawondo, basi.

Vuto linali lakuti kwathu mpongozi ndi mkamwini sayankhulana. Akakumana panjira, amayi ankapatukira kutchire n'kutembenuka. Ndiye mawu onse ankadzera mwa ine.

"Ukawauze amuna akowo kuti dambo langa lili ndi ludzu," anatero amayi.

Ndinakanena. Iwo anaseka. "Ukawauze amayi kuti chaka chino adya buledi."

"Buledi! Kodi ndidzagona pa buledi ine?"

Ndinayenda pakati pa nyumba ziwirizo mpaka kanjira kanasalala. Kenaka amalume, amene anali nkhoswe yathu, anandiitanira pambali. Anati amayi anena kuti mvula ikagwa khoma la damulo lidakalipo, mkamwini atenge chipewa chake azipita kwawo. Ndinali ndi pakati, ndiponso, ngakhale anali ouma mutu ngati mwala wamphero, amuna angawo ndinkawakonda kwambiri. Ndinawachonderera, ndinalira, ndinawamana ndi moni womwe. Iwo ankangoti anthu a kumudzi saona patali.

Tsiku lina amayi anandiitana nandipatsa mphasa yatsopano yopindapinda. Chaka chilichonse ankasokera ana awo mphasa, choncho sindinadabwe.

"Iyi ndi ya apongozi anga. Yako yakale ija undibwezere, yatha."

Nditafika kunyumba n'kuiyala, ndinagwira pakamwa. Kusoka kwake kunali kokongola, koma utali wake, abale, ngati ya mwana woyamwa! Amayi anasoka ndi mlulu umene dambo linapereka chaka chimenecho, osawonjezerapo kanthu.

Mphatso ya apongozi siikanidwa. Amuna anga, amene anali aatali ngati nsungwi, anathokoza mwaulemu nagonapo. Akaika mutu pamphasa, miyendo ili padothi. Akakoka miyendo, mawondo ali pachibwano. Ine ndinagona pachiguduli, ndikuluma nsalu kuti ndisaseke. Anapirira mpaka nthiti zinayamba kudandaula.

M'mawa wina, mitambo itayamba kuda, ndinawaona akutenga khasu. Ndinawatsatira. Anagumula khoma lonse, madzi a m'damu nathamangira m'dambo mwaphokoso, ming'alu ija ikuwamwa ngati ng'ombe zochokera kutali. Chipewa chinagwera m'madzi n'kutengedwa, iwo osachithamangira.

"Mwatani kodi, bambo?" ndinafunsa, ngati sindikuona.

"Msana, mayi. Msana wandiphunzitsa."

Dambo silinachire msanga. Milamba inabwera yochepa chaka chimenecho, ndipo mlulu wa m'mphepete sunabwererenso mpaka lero. Koma wa pakati unakula, ndipo chilimwe chotsatira amayi ananditumanso ndi mphasa. Titaiyala, inadzaza chipinda n'kupindikira kukhoma. Panthawiyo n'kuti amayi ali panja, atafulatira khomo lathu, ndipo anayankhula mokweza ngati akuuza mtengo wa nachesi umene unali pabwalo.

"Auzeni bambo a mwanayo atambasule miyendo. Sakupita kulikonse."