Miyala Yoyera Pansi pa Nkhokwe

Ine sukulu sindinaiponde, ndiye za zaka musandifunse. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinali ndi mwana mmodzi yekha kumbuyo, anthu ali pakamwa yaviyavi ndi nkhani ya Chitaganya, ndipo tinali titangokumba nsawa, zimene ana a lero mukuti mtedza. Kwathu ndi pakati pa Namitete ndi Nsaru. Munda wanga anandidulira amayi nditakwatiwa, iwonso anaulandira kwa amayi awo, amene anazula okha zitsa pamenepo.

Tsiku lina ndikukunkha nsawa zotsalira, ndinangomva vuuu! Galimoto ikudula m'tchire mopanda msewu. Munatsika mzungu wofiira psuu, mawondo ali pamtunda. Munatsikanso kapitawo wachipewa, munthu wathu yemwe, ndi amuna ena onyamula tcheni, ndodo zamawangamawanga, ndi chimakina cha miyendo itatu.

Kapitawo uja ati, "Zikomo mayi! Munda uno ngwa yani?"

Ine, "Ngwanga, bambo."

"Chabwino. Ife ndife a boma."

Basi! Moni wake yemweyo. Anayamba kutsitsa miyala m'galimoto. Mukudziwa kwathu kuno dziko ndi lathyathyathya, mwala umachita kuuyendera mtunda. Anaiyala pakati penipeni pa munda wanga, mzere wina chonchi, wina kupingasa chonchi, kenako n'kuipaka njereza, mbee! Mtanda, anthuni. Waukulu woti anthu atatu n'kugona motsatana.

Kapitawo ati, "Mayi, apa pasakhudze munthu. Ngakhale mbuzi. Wokhudza, ndende!"

Anapita. Mtanda ndinkaudziwa wa kumanda a ku mishoni. Nanga wa m'munda ndiye kuti wafa ndani?

M'mawa mwake kuchitsime ndinapeza mayi wina, mkazi wa tenanti wa pa esiteti ya fodya, wochokera kummwera. Nditamufotokozera anaika mtsuko pansi.

"Aaa, achemwali, mwatha inu! Kwathu zinayamba chomwecho. Lero mwala, mawa waya, mkuja mukulima fodya wa mzungu pamunda wa amayi anu omwe. Ifeyo tikuzungulira kuno mukuyesa timakonda kuyenda?"

Amayi anga atamva zimenezi manja anaika kunkhongo ngati pagwa maliro. "Mayo ine! Zitsa zija amayi anga anazulira mzungu?"

Ndinathamangira amuna anga. "Inu bambo a mwana, mungokhala phwii munda ukupita?"

Iwo, "Ine ndine mkamwini, mayi a mwana. Muno ndinabwera ndi khasu ndi mphasa. Za boma ndizigwire ine? Kauzeni amalume anu."

Amalume ake ati? Anali ku Joni, chaka chachitatu osalemba n'kalata yomwe.

Ndiye ndinaganiza ndekha: chizindikiro chikasowa, eni ake adzasokera, adzakaloza munda wina. Tsiku limene amuna anga anapita kukagulitsa nsawa ku Namitete, masana dzuwa lili paliwombo anthu ali m'mithunzi, ndinapinda nkhata, mwana kumbuyo, dengu kumutu. Tsamba likangoti tswa, ine gwa pansi, "Andigwira!" Koma ndi buluzi. Ndinatuta miyala yonse mpaka khosi kuuma. Manja anayera mbuu ngati ndagwira ufa. Ndinaiunjika kuseri kwa nyumba n'kuimata matope akuda a kudambo, umodziumodzi, kuti kuyera kuja kusaoneke.

Amuna anga pobwera, "Miyala iyi yachokera kuti?"

"Ndatola kudambo."

"Ha! Mkazi ndiye uyu! Ndakhala ndikusowa miyala yokhazikapo nkhokwe yatsopano."

Ndikanati chiyani? Anakhazika nkhokwe pamiyala ya boma, tinathiramo chimanga mpaka pakamwa, n'kuvindikira denga.

Patapita masiku kunabwera ndege. Osati yongodutsa ayi. Imeneyi inkapita uko, n'kutembenuka, n'kubwerera, n'kutembenukanso, ngati munthu akuunga mizere kumwamba. Huuuu! Huuuu! Amayi analowa m'nyumba n'kudzifunditsa mphasa. Ine ndinadziwa kuti ikufuna mtanda wake, ndipo ikufuna ine. Ndinalowa pansi pa nkhokwe ndi mwana, n'kumutseka pakamwa. Pamenepo m'pamene ndinaona. Kalanga ine! Nkhuku! Zinali zitajompha matope aja, zikufuna njereza. Miyala yonse ikuseka mano oyera. Ndinamatanso. M'mawa zajomphanso. Nkhuku ilibe chinsinsi, ndikukuuzani.

Mwezi usanathe, vuuu! Galimoto ija pabwalo. Kapitawo sanafunse n'komwe. Anangowerama, kusuzumira pansi pa nkhokwe, n'kuimba mluzu.

"Mwini nkhokwe iyi ndani?"

Amuna anga, chipewa m'manja, "Ndine, bwana."

"Kwerani galimoto, bambo. Mukafotokoza kutsogolo."

"Ine? Miyala ya kudambo imeneyo, bwana! Afunseni mayi a mwanawa!"

Amuna awiri anawagwira mikono. Amuna anga anandiyang'ana, ine kuyang'ana pansi. Kenako pakamwa panga panangotseguka pokha, mawu anamveka mpaka kuchitsime.

"Asiyeni! Ndine! Ndatuta ndine, ndi mutu uno! Mangani ine, koma munda wa amayi anga simuutenga!"

Mzungu anafunsa kuti mayiyu akukuwa chiyani. Atamumasulira anavula chipewa, kukanda mutu, n'kulankhula nthawi yaitali, fwefwefwe, m'mphuno.

Kapitawo ati, "Mayi, tamverani. Ndege ija imajambula dziko ili kumwamba, monga momwe kabawi amaonera. Mitsinje, madambo, midzi, njira. Koma kumwambako minda yonse imafanana. Ndiye timaika mtanda woyera pamalo pamene tayeza, kuti ukaoneke pachithunzi, tidziwe kuti apa ndi pakuti. Zikatero amalemba pepala lotchedwa mapu. Tsopano chithunzi chatuluka, mtanda palibe. Mwabweza ndege ya boma, mayi, inu ndi dengu lanu."

Ine, "Nanga chimiyendo itatucho n'chachiyani? Si chodyera minda chimenecho?"

Mzungu anaseka, nati tipite kumunda ndikaone ndekha. Anachiimika pamene panali mtanda. Anawapatsa amuna anga ndodo yamawangamawanga, n'kuwatuma akaime kumalire, patali poti nkhope osaizindikira. "Tsinzinani diso limodzi, mayi, suzumirani apa."

Ndinasuzumira. Mayooo! Amuna anga ali pafupi poti n'kuwagwira ndevu, koma mutu uli pansi, miyendo m'mwamba! Mtengo wa msuku wa kumalire ukulendewera ngati mleme. Nthaka pamwamba, thambo pansi!

"Mwawapachika! Mwawapachika amuna anga! Atsitseni, magazi atsikira kumutu!"

Ndinalumpha chambuyo, n'kugwa chagada, mwana kumbuyo ali liyeee! Kuyang'ana ndi maso anga, amuna anga ali chilili bwinobwino, akuthamangitsa ntchentche. Amuna a tcheni aja akugubuduzika ndi phwete.

Ndinakuwa, "Bambo a mwana! Muli bwino?"

Iwo, chapatali, "Ndatani kodi?"

Kapitawo, akupukuta misozi, "Ndi galasi chabe, mayi. Limakokera chinthu pafupi, koma limachitembenuza. Onaninso."

Ine kuonanso? Ndinakana. Chinthu choti chatembenuza munda wonse ine ndikuona, chingalephere kuunyamula?

Kundende sanatitenge. Koma anati miyala ibwerere lomwelo. Tinaphwasula nkhokwe yodzaza, chimanga chonse balala pabwalo, nkhuku zomwe zija zili pachikondwerero. Amuna anga akutuluka thukuta, "Miyala ya kudambo, eti? Dambo lake liti lopaka njereza?" Ndinaisenza ndekha ndi dengu lomwe lija, ndipo anandipatsa burashi kuti ndiipake ndekha njereza, anthu a mudzi wonse akuonerera.

Akukwera galimoto ndinamugwira kapitawo malaya. "Bambo, inu ndinu mwana wa munthu ngati ine. Ndiuzeni zoona. Munda uno autenga?"

Sanasekenso. Anayang'ana mzungu, anayang'ana ine, n'kutsitsa mawu. "Mayi, ife timangoyeza. Amene amakawerenga pepalalo ndi ena. Amenewo ngakhale ine sindiwadziwa."

Ndege inabweranso, ine ndili chiimire pambali pa mtanda ndi ndodo yoingitsira mbuzi. Inauona mtanda wake, inapita.

Kuyambira pamenepo galimoto ikangolira kutali, khasu linkandigwa m'manja. Mvula inagwa, tinadzala, tinakolola. Inagwanso, tinadzalanso. Waya sanabwere. Amayi anamwalira akufunsabe, "Abwera?" Ine, "Sanabwere, amayi." Iwo, "Abwera."

Amene akulima mundawo lero ndi mwana wanga wamkazi uja ndinamutseka pakamwa pansi pa nkhokwe. Njereza inasukuluka kalekale, miyala inamira m'dothi, koma ilipo. Mizere yathu ikafika pamenepo imakhota. Mkamwini wanga chaka chatha ati, "Amayi, miyala iyi ikungotha makasu, ndiichotse ndikakhazikire khola la nkhunda."

Ine, "Siyani! Siyani pomwepo, bambo! Eni ake sananene kuti athana nayo."