Makina owotcherera a agogo a Zuze

Fungo la chitsulo chopsa likangondipeza, kaya ndili m'minibasi, kaya ndikugula matimati mu Limbe, ndimaona agogo a Zuze atanjuta kuseri kwa nyumba yathu ku Chinyonga, atazunguliridwa ndi waya wa kopa, mapepala a matumba a simenti ndi zidutswa za malata, akung'ung'udza nyimbo ya Chisena yomwe sinkatha.

Anali bambo awo a bambo anga. Atapuma ntchito yokonza sitima ku Limbe, aliyense ankayembekeza kuti abwerera kwawo ku Nsanje kukagwira khasu ngati anzawo onse. Iwo ayi. Anati apange kaye makina owotcherera zitsulo. Masiku amenewo bedi likathyoka mwendo unkangolimanga ndi linya, poti makina otere anali m'makampani mokha, ndipo munthu wamba sukanayerekeza kufika pageti ndi khasu lako lothyoka.

"Anawapangawo anali ndi manja," ankatero agogo. "Nanga ine ndili ndi ziboda?"

Koma anatisautsa, abale inu! Tsiku lonse kukulunga waya, kuyala pepala, kukulunganso. Mchere wa kukhitchini unkathera m'ndowa yawo, ati madzi amchere amachepetsa ukali wa magetsi. Amayi, pokhala mpongozi, sankalankhula nawo maso ndi maso, ndiye wotumidwa ndinali ine. "Esinati, kawafunse agogo ako ngati ndiwo za lero tithire waya." Ine ndinkakanena momwemo, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola.

Tsiku loyesa, makina anayamba kulira ngati njuchi, kenaka phuu! Utsi tolo, magetsi a m'nyumba thii, fyuzi yapsa. Bambo anali kalaliki wamantha, ndipo nthawi imeneyo munthu sunkafuna dzina lako lizimveka m'kamwa mwa anthu. Atamva, anakalipa. "Baba, nyumba ino ndi ya kuntchito. Mukufuna anditulutse? Loweruka mukwera sitima." Tikiti anagula, khadi ya chipani anawaikira m'thumba la jekete kuti asakavutike panjira. Ine ndinalira kosatonthozeka, chifukwa agogo ndinkawakonda kuposa wina aliyense m'nyumbamo.

M'mawa mwake agogo anamasula waya yense, anapeza pomwe pepala linang'ambika, n'kuyambiranso, zala zikuchucha magazi. Munthu woti amugulira kale tikiti! Mpaka lero ndimagoma nawo.

Lachisanu masana, bambo ali kuntchito, agogo analumikizanso makina aja. Anadetsa kagalasi ndi mwaye wa koloboyi, n'kutikuwira anafe kuti titembenuke, moto umenewu umapha maso. Tinangomva kuthetheka, kuwala kwabuluu kukuvina pakhoma, ndipo titacheuka, wilibala ya aneba yomwe inagona chaka chonse inali chilili. Dzuwa lisanalowe, pabwalo panali makasu, mabedi, njinga, mbaula, komanso mmisiri wina womanga nyumba ku Namiwawa, akufunsa ngati mafelemu a mawindo angatheke.

Bambo atafika anaima kakasi, komabe anauma pakamwa. "Sitima ndi ya m'mawa, Baba. Ndanena kale."

Apo amayi anatuluka m'khitchini, anagwada chapatali, nkhope atalozetsa kumbali. Ndinadikira kuti anditume. Sanandiitane.

"Bambo a Esinati, tikitiyo mukabweze," anatero. "Anthu asiya katundu wawo pano, mawa ndiwauza chiyani ine? Apongozi sapita. Mchere ndiziwagulira wawowawo."

Bambo anakanda m'mutu n'kulowa m'nyumba. Agogo anavula chipewa, anazyolika, ndipo ndinaona madzi akuyenderera m'masaya mwawo mwakuda ndi mwaye. Anati ndi utsi.

Sitima ija inapita yokha. Agogo anapeza kashedi pafupi ndi msika, ndipo sankabisa kanthu. Aliyense wofuna kusuzumira m'bokosi la makina ankamutsegulira, amayi n'kumadandaula kuti akudzipangira okha opikisana nawo. Anyamata omwe anaphunzira pamenepo anakakulunga makina awo, wina ku Bangwe, wina ku Ndirande, mageti ndi mawindo n'kuyamba kupangidwa m'mbali mwa misewu. Ine luso lawo sindinatengeko, koma kuuma mutu ndiye ndinatenga konse, amuna anga angakuuzeni.

Ku Nsanje agogo anapitadi, koma patapita zaka zambiri, ali m'bokosi. Pambuyo pa galimoto ya maliro pankabwera lole yodzaza azibambo a zipsera m'manja. Amene anakhala pafupi ndi bokosi njira yonse, akulira kuposa ana obereka, anali amayi.