Mawu a Eni M'kamwa mwa a Helena

A Helena a kwa Likoswe anakula akudziwa kuti ndi Mnyanja. Bambo awo, a Dominic, anachokera ku Mozambiki ali mnyamata, mano atasemedwa kale monga ankachitira Alomwe ena masiku amenewo. Pofuna ukapitawo pa esiteti ya mzungu, pomwe Mlomwe ankangomuponyera khasu, anasintha dzina, n'kumadzitcha Mnyanja, n'kusiyiratu kuseka pagulu. Chilomwe pakhomo chinaletsedwa. Mayi awo a Helena akaiwala n'kutulutsa liwu limodzi, bambo ankathamangira kutseka chitseko.

A Helena anakwatiwa, anabereka ana asanu ndi awiri, atatu n'kuwaika m'manda, ndipo alima chimanga ndi nandolo mpaka msana kupindika. Nkhani ya bambo awo anaisunga mumtima. Chimene ankafuna n'choti adzukulu aimve iwo asanatsikire kulichete, koma aimve momwe inalili, ndi manyazi ake omwe.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wa m'tauni, Doreen, ndi makamera ake, ati akujambula filimu yoonetsa mitundu yonse ya anthu a m'boma lino. A Helena anatchena chitenje cha kutchalitchi n'kufotokoza zonse, osabisa kanthu. Doreen ankamvetsera uku akudinadina foni. Kenako anati nkhaniyo ndi yabwino, vuto n'loti agogowo sakuoneka Chilomwe. Anawavula mpango, kuwaveka mikanda yogula ku Limbe, n'kuwakhazika pafupi ndi mtondo wobwereka. Chonyansa n'choti anthu akuluakulu, anzeru zawo, anaima pomwepo n'kumawomba m'manja.

Filimu itafika pa foni ya mdzukulu wina, banja lonse linaunjikana pakhonde. Nkhope inali ya a Helena, milomo yawo yomwe, koma mawu anali a mayi wina, akuthamangitsa Chilomwe. A Helena sanatolepo kanthu. Zinawanyansa mpaka kulavula malovu. Anaitanitsa a Mathero, oyandikana nawo nyumba, amene Chilomwe anayamwira.

"Tandiuzani, achimwene, ndikuti chiyani pamenepa?"

A Mathero anamvetsera kawiri konse, akukanda m'mutu.

"Mukuti bambo anu anali munthu wonyadira mtundu wake, ndipo ndi iwo anakuphunzitsani chiyankhulochi."

Adzukulu anakondwa kwambiri, n'kuyamba kuchonderera agogo awo kuti nawonso awaphunzitseko.