Chinsinsi changa anachiimba pa Kanivalo

Anzanga, a Chano ndinakumana nawo pagombe la Caleta, pomwe ife amayi a m'dera la Viña timasewera bingo. Manambala ndimaitana ndine, chifukwa sindiphonya. Ndinaphunzitsa mbiri ya mzinda wathu wa Cádiz mpaka kupuma ntchito, ndipo chilichonse ndimawerenga, ngakhale maolivi a m'mbale.

Bambo wina atanyamula mbedza anaima kumbuyo kwanga.

"Aphunzitsi, mukuitana manambala ngati mukulengeza maliro. Sekaniko!"

"Bambo inu, nsomba zakukanani ndiye mwabwera kudzavuta anthu?"

"Zandikanadi. Mwina inu simundikana."

Anali wamasiye, wopuma ntchito yokonza zombo. Tinayamba kuyenda limodzi m'mbali mwa khoma la kunyanja. Ndikamawafotokozera za Afoinike amene anayamba mzinda uno zaka zikwi zitatu zapitazo, iwo amati, "Ndiye munali nawo kalasi imodzi?"

Mu Seputembala anandipsompsona. Mawu anangondipulumuka: "Kamodzi."

"Kamodzi chiyani?"

Ndinawauza zimene ngakhale mchemwali wanga sadziwa. Ndili ndi zaka 71, koma palibe mwamuna anali atandipsompsonapo. Ndinkadwazika mayi, ndinkaphunzitsa, zaka zinangopita.

Anandigwira dzanja. "Izi zathera pompano, Regla."

Kuyambira pamenepo akandipsompsona ndinkawerenga mokweza, tonse n'kumaseka.

Kanivalo, chikondwerero chathu cha nyimbo zanthabwala mumsewu, inafika. A Chano ndi amene amapekera nyimbo gulu lawo loimba mumsewu.

"Lamlungu masana mubwere kumsika. Pali kanthu kanu."

Ndinakonzetsa tsitsi. Ndinkaganiza za mphete, ndisaname...

Ndinapeza anthu atadzaza, nsomba zokazinga zili m'manja. Pamakwerero panaima azibambo khumi ndi awiri, onse atavala juzi yotuwa ngati yanga, tsitsi lomanga kumbuyo ngati langa. Ndinaganiza kuti maso akundinamiza.

Anayamba kuimba: "Mzinda uno analowa Aroma, analowa Aluya, analowa Angerezi, koma kwa aphunzitsi athu palibe anafikako mpaka chaka chino!"

Kenako onse anatukula milomo ngati akupsompsona, khamu lonse n'kumawerenga nawo. "Kamodzi! Kawiri! Katatu!" Mpaka 46. Anzanga, 46 yeniyeniyo! Sanaphonye.

Mayi wina amene ndinamuphunzitsa ali kamtsikana anakuwa, "Aphunzitsi, tikuwerenga bwino?"

Sindinathe ngakhale kuthawa.

A Chano anatsika akumwetulira, thukuta lili kamukamu. "Mwamva mmene aombera m'manja?"

"Munati zathera pompaja."

"Iii Regla, ndinu wa kuno kapena wa ku Madrid? Kuno amene timamukonda timamuimba! Afalansa ankatiponyera mabomba ife tikuimba, munandiphunzitsa nokha. Komanso dzina sitinatchule."

"Magalasi mwavalawo ndi anga, a Chano. Ndakhala ndikuwafuna nyumba yonse."

Anawavula pang'onopang'ono. Mpaka lero sakumvetsa chimene analakwa. Amabwera pansi pa khonde langa n'kumakuwa kuti, "Regla mayi, tsegulani tikambirane!" Sinditsegula.

Kuseka kwa anthu ndikanapirira, mzinda uno umaseka chilichonse. Koma dzulo mkazi wa woimba gitala wawo anandipeza pogula buledi. Ankafuna kunditonthoza.

"Musadandaule Doña Regla, a Chano amakukondani. Nyimboyi anayamba kuiyeserera mu Okutobala. Lachinayi lililonse akafika m'galaja momwe amayeserera, choyamba anzawo amafunsa kuti, 'Chano, pano tafika pangati?' Ndiye amasintha nambala."

Buledi ndinamusiya pomwepo.

Ine ndinkaganiza kuti tikuwerenga awiri, anzanga. Tinalipo khumi ndi atatu.